Ndasamutsa VM, Windows yataya activation. Kodi ndiike BIOS yosinthidwa?

Mphatso:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndili ndi Windows 10 Pro mu VM (kompyuta yoyerekezera yoyenda mkati mwa kompyuta yeniyeni) ya VMware Workstation, momwe muli pulogalamu ya maakaunti ya kabizinesi kathu. Yakhala pa laputopu yanga zaka zitatu osavuta, laisensi yake yochita kugula. Sabata yatha laputopuyo inayamba kumazima yokha ikatentha, ndiye ndinakopera foda yonse ya VM pa hard disk yakunja n'kukaiika pa desktop ya kunyumba. Poyatsa, VMware inandifunsa kuti "I moved it" kapena "I copied it". Ine poti ndinachitadi kukopera, ndinadina "I copied it". Windows inadzuka bwinobwino, koma mawa lake pakona yakumanja pansi panatuluka "Activate Windows", mu Settings akulemba 0xC004F211. Mnzanga wina wanditumizira fayilo ya BIOS (kapulogalamu koyamba kudzuka kompyuta ikayatsidwa) yosinthidwa, akuti ndikailoza mu VM imeneyi Windows izidziona ngati ili pa Dell n'kudzichita activate yokha. Ndati ndifunse kaye kuno ndisanaononge zinthu.

Chule_wa_Ndirande:
Ikani basi amwene, musataye bandulo. Mzere umodzi wa bios440.filename mu fayilo ya vmx yosunga ma settings a VM, nkhani yatha. Ife tinkapanga zimenezi tili ku koleji.

Nangozo:
A Chule, ku koleji munali chaka chanji? Chifukwa njira mukunenayo ndi ya nthawi ya Windows 7.

A Mphatso, musaike kanthu kaye. Funso limodzi: laputopu yakale ija ikuyakabe, olo mphindi zisanu? Kapena foda ili pa hard disk yakunja ija simunaikhudze?

Mphatso:
Ya pa hard disk yakunja ilipo, sindinayatsirepo VM kuchokera pamenepo. Ndinakoperanso kupita pa desktop.

Nangozo:
Ndiye mwapulumuka. Tsegulani fayilo ya vmx yakale ndi yatsopano mu Notepad, muziike pambalipambali. Yang'anani mizere itatu: uuid.bios (UUID, nambala yozindikiritsa makinawo), uuid.location ndi ethernet0.generatedAddress (MAC address, nambala ya network card). Mupeza kuti yonse yasintha.

Chimene chinachitika n'chakuti uuid.location imawerengedwa kuchokera ku kompyuta yeniyeni ndi malo amene fayilo ya vmx ili. VMware ikaona kuti sizikugwirizananso, imafunsa funso lija. Mukati "moved" imasiya uuid.bios momwe inalili. Mukati "copied" imaganiza kuti mukufuna makina achiwiri oti aziyenda limodzi ndi oyamba aja, ndiye imawapatsa uuid.bios yatsopano ndi MAC address yatsopano kuti asamalimbane pa netiweki. Windows ikadzuka imafunsa firmware (BIOS ija) kuti ndili pa makina ati, n'kuyankhidwa nambala yachilendo. Code ya 0xC004F211 tanthauzo lake ndi lomweli, kuti hardware yasintha.

Zimitsani VM, tsekani VMware yonse, mubwezere mzere wa uuid.bios ndi wa MAC kuchokera mu fayilo yakale. Ikafunsanso, "I moved it".

Mphatso:
Ndaona, yasinthadi. uuid.bios yakale ndi yatsopano zonse zikuyamba ndi 56 4d koma kutsogoloku n'kosiyana. Ndipo manambala atatu omaliza a uuid.bios ndi omwewo ali kumapeto kwa MAC. Zangochitika mwangozi?

Nangozo:
Ayi, MAC imatengedwa pamenepo. Kumayambiriro 00:0c:29 ndi chizindikiro cha VMware, kumapetoko imabwereka ku uuid. Ndipo 56 4d mukaitembenuza kukhala zilembo ndi V ndi M.

Bambo a Yamikani:
Achemwali a Nangozo ayankha kale zofunika. Ine ndingofotokoza za fayilo ya mnzanuyo, chifukwa a Chule sakunama kuti kale inkagwira, kungoti nthawi yake inadutsa.

Activation inabwera ndi Windows XP mu 2001. Makampani ngati Dell, HP ndi Lenovo sakanatha kuimba foni pa kompyuta iliyonse yotuluka mu fakitale, ndiye anapatsidwa njira yawoyawo: Windows izingoyang'ana chizindikiro cha kampaniyo mu BIOS. Pa XP chinali mawu wamba olembedwa pamalo ena mu BIOS. Pofika pa Vista anakhwimitsa, n'kubweretsa tebulo la ACPI lotchedwa SLIC, kakang'ono ka ma byte 374, kosainidwa. Vista inkafuna SLIC 2.0, Windows 7 ya mu 2009 inkafuna 2.1. Pankafunika zinthu zitatu zogwirizana: tebulolo mu BIOS, satifiketi ya kampaniyo mkati mwa Windows, ndi kiyi mmodzi amene kampaniyo inkagwiritsa ntchito pa makompyuta ake onse a edition imeneyo. Zikakumana zitatuzi, activation inkachitika popanda intaneti n'komwe.

Mwaona pamene panali chibowo. Kiyi mmodzi wa makompyuta miyandamiyanda, tebulo lofanana paliponse, ndipo palibe amene akufunsidwa kunja. Anthu anayamba kukopera SLIC ya Dell kuilowetsa mu BIOS ya makina ena, enanso mu BIOS ya VM. Fayilo mwapatsidwayo ndi mdzukulu wa zimenezo.

Mu 2012 pa Windows 8 anatseka. Tebulo latsopano ndi MSDM, ndipo muli kiyi wa kompyuta imodzi yokhayo, wosiyana ndi wa inzake. N'chifukwa chake malaputopu a ex-UK a zaka zimenezi kubwera kuno mulibe kapepala ka kiyi kunsi kuja, kiyi ali mu motherboard. Activation yake imadutsa pa maseva a Microsoft. Kenako Windows 10 mu July 2015 inabweretsa laisensi ya digital: kompyuta imatumiza chidindo chowerengedwa kuchokera ku hardware yake, seva n'kusunga kuti chidindo ichi chili ndi Pro kapena Home.

Windows 10 ndi 11 sizichita activate ndi SLIC. Mutha kuika BIOS ya Dell yokongola bwanji, "Activate Windows" ikhalabe pakona pomwepo, ndipo mwangowonjezera chinthu china chosinthika pa makina amene akudandaula kale kuti asinthidwa.

Chule_wa_Ndirande:
Madala mwatiphunzitsa mbiri ngati tili pa MSCE 😂 Chabwino ndavomera. Koma pa Windows Server SLIC ikadalipo, ndikunama?

Bambo a Yamikani:
Simukunama, pa maseva ogulidwa ndi Windows Server ya OEM (yobwera limodzi ndi makina kuchokera kwa owapanga) inapitirira, manambala ake n'kumakwera. Koma a Mphatso sakuyendetsa Server.

Achimwene_a_ku_Joni:
Ndiwonjezere mbali imene anthu saiganizira. Firmware ndi chinthu choyamba kudzuka, antivirus isanatsegule n'komwe maso. Fayilo ya ROM yochokera kwa mnzake wa mnzako, amene nayenso anaitola pa intaneti, ukuiika pansi pa makina osunga maakaunti a bizinesi. Mu 2018 a ESET anapeza LoJax, rootkit (pulogalamu yoipa yobisala) yokhala mu UEFI (firmware yamakono yolowa m'malo mwa BIOS), yoti olo ufomate hard disk imabwereranso. Sindikuti fayilo yanuyo ili ndi zotero, koma ndani mwa ife angaitsegule n'kutsimikiza? Kuntchito kwathu munthu atapezeka waika ROM yosadziwika pa hypervisor (pulogalamu yoyendetsa ma VM), tsiku lomwelo akatenge chikwama.

Mphatso:
Ndabwezera mizere iwiri ija. Magetsi azima ndisanayatse. Ndikuuzani akabwera.

Tiyamike:
Podikira magetsi a a Mphatso, ndilowetse langa chifukwa likufanana. Ine ndili pa hypervisor ina, Proxmox. VM ya Windows 10 inali pa BIOS yakale ya SeaBIOS ndi machine (motherboard yoyerekezera) ya i440fx. Poti Windows 10 inasiya kulandira ma update wamba pa 14 October 2025, ndinafuna kukwera pa 11, ndiye ndinasintha zonse usiku umodzi: BIOS kupita pa OVMF, machine kupita pa q35, ndinawonjezera EFI disk ndi TPM (chip ya chitetezo). Poyatsa ndinangopeza chi screen chakuda cholembedwa Shell> basi. Nditabwezera pa SeaBIOS inayaka, koma network card inaoneka ngati yatsopano, IP yanga ya static itapita. Ndinagona 2 koloko.

Nangozo:
Pepani achemwali, koma mwandiseketsa. Munasintha motherboard, BIOS ndi chip ya chitetezo nthawi imodzi n'kumayembekezera kuti wodwala adzuka akuseka.

Shell> ija inabwera chifukwa disk yanu ndi ya MBR, kagawidwe kakale ka ma partition. OVMF ndi UEFI, imafuna partition ya EFI pa disk ya GPT, ikaisowa imakusiyani pa shell. Musanasinthe firmware, mkati mwa Windows muyendetse mbr2gpt /validate /allowFullOS, ikavomera ndiye /convert. Kachida kameneka, kosintha MBR kukhala GPT, kamabwera ndi Windows 10 kuyambira version 1703. Mukatero zimitsani, sinthani kupita pa OVMF, yatsani, onani kuti zonse zili bwino. TPM tsiku lina. q35 tsiku linanso, ngati mukuifunadi, chifukwa Windows 11 imayenda pa i440fx bola pali UEFI ndi TPM 2.0.

Kuti muone zimene Windows imaona, yendetsani msinfo32 mu VM. Pa i440fx System Model imalembedwa "Standard PC (i440FX + PIIX, 1996)", pa q35 imakhala "Standard PC (Q35 + ICH9, 2009)". Kwa inu ndi kusankha pa menyu, kwa Windows ndi bolodi ina yosiyana zaka 13, zida zonse zili pa mipata ina.

Tiyamike:
Nanga activation sinagwe bwanji pamene ndinasintha zambiri chonchi, koma ya a Mphatso yagwa ndi batani limodzi?

Nangozo:
Tsegulani /etc/pve/qemu-server/ muone fayilo ya conf ya VM yanu. Mzere wa smbios1: uuid= simunaukhudze, MAC simunaikhudze, ndipo munabwerera msanga pa zakale. Microsoft sinalengeze poyera kuti chida chilichonse chimalemera bwanji mu chidindo chija, koma aliyense wosewera ndi ma VM amadziwa kuti UUID ndi imene ikasuntha, activation imagwedezeka msanga. Pa kompyuta yeniyeni nambala imeneyi imakhala mu motherboard, ndipo Microsoft imanena yokha kuti kusintha motherboard ndiko kusintha kwakukulu.

Achimwene_a_ku_Joni:
Pa Proxmox chenjeraninso ndi ziwiri izi. Clone nthawi zonse imapereka UUID ndi MAC zatsopano, ndi "I copied it" ya kumeneko. Restore kuchokera pa backup imasunga zakale, pokhapokha mutachonga kabokosi ka Unique. Ndinaonapo mnyamata wina akuchonga Unique pa restore iliyonse chifukwa akuti dzinalo limamveka laukhondo.

Ndipo ngati mu VM muli BitLocker (yotseka disk ndi encryption), ichiteni suspend musanakhudze firmware, Secure Boot kapena TPM. TPM imayeza zimene zadzuka poyamba, muyeso ukasintha imakana kutulutsa kiyi, Windows n'kukufunsani recovery key ya manambala 48. Activation ikagwa mumangotaya wallpaper ndi mitundu, ntchito mukugwirabe. BitLocker ikakutsekerani panja mulibe recovery key, mafayilo apita.

Chule_wa_Ndirande:
Tiyeni tikambe chilungamo pang'ono. Inu a ku Joni mumalandira ma rand, laisensi mumagula ndi khadi muli pa sofa. Kuno kuti ulipire chinthu cha madola pa intaneti ndi nkhondo. Ine laputopu yanga ya ex-UK inabwera ndi kiyi mu bolodi, ndinailipira ndi ndalama zanga. Ndinachotsa Windows n'kuika Ubuntu. Tsopano ndikufuna Windows mu VM ya QEMU pa laputopu yomweyo. Ndikatenga tebulo langa la MSDM mu /sys/firmware/acpi/tables n'kulipereka kwa VM ndi -acpitable, ndaba chani? Ndi wangatu kiyiyo.

Bambo a Yamikani:
Apa ndiye mwafunsa funso lenileni, osati za BIOS ya Dell zija. Ndipo n'zosiyana. Kutenga SLIC ya kampani n'kuiika pa makina amene kampaniyo sinawapange n'kunamiza Windows. Kupereka MSDM yanu kwa VM yoyenda pa laputopu yomweyo, Windows ya pansi mutaichotsa, ine sindingakuloze chala. Malamulo a laisensi ya Windows 10 amalola kope limodzi pa chipangizo chimodzi, ndipo amatchula kuti chipangizocho chitha kukhala chenicheni kapena cha virtual. Pamene anthu amatsutsana ndi pakuti VM imawerengedwa ngati chipangizo chomwecho kapena china, poti laisensi ya OEM sisamuka, imafera limodzi ndi kompyuta imene inabwera nayo. Pa bizinesi ine ndingagule retail, laisensi yosamuka nayo, kuti ndisamakangane ndi munthu wa audit.

Koma olo mutayesa, dziwani ziwiri. Kiyi ameneyo anachita kale activate pa hardware ya laputopuyo, ndiye VM yodzitcha QEMU ikabwera naye seva itha kumukana. N'chifukwa chake anthu amakoperanso SMBIOS (mayina ndi manambala a makina olembedwa mu firmware) ya host, kompyuta yeniyeniyo. Mu libvirt, chida choyendetsera QEMU, muli smbios mode='host', koma imakopera zina zonse kusiya UUID, imeneyo mumalemba nokha. Chachiwiri, installer ikapeza MSDM siifunsa edition, imangoika imene kiyiyo ali nayo. Ngati laputopu inabwera ndi Home, mupeza Home, olo mumafuna Pro.

Chule_wa_Ndirande:
Yanga ndi ThinkPad, inabwera ndi Pro. Ndiye ndili bho.

Nangozo:
Muli bho mpaka tsiku limene mudzaike dual boot n'kumayendetsa Windows ziwiri pa kiyi mmodzi. Ndipo chonde musaponye screenshot ya MSDM pagulu pano. Kiyi amaoneka poyera mmenemo, zilembo 25 zonse, strings yokha imamutulutsa.

Admin:
Ndikumbutse lamulo la gulu: makiyi, ma ROM osinthidwa ndi ma link a ma activator sitiponya muno. Kufotokoza mmene zimagwirira ntchito palibe vuto. Pitirizani.

Gogo_Root:
Ine ndangowerenga mwakachetechete koma ndinene za ophunzira, poti ambiri muno mukufuna Windows ya lab basi, yoyeserera Active Directory n'kuifufuta. Simukufunika kuvutika ndi firmware. Microsoft imapereka yokha ma evaluation: Windows Server masiku 180, Windows 11 Enterprise masiku 90. Semesita yonse imakwana pa Server imodzi.

Ndipo kumaofesi akuluakulu nkhani ya UUID siwadetsa nkhawa kwenikweni chifukwa sagwiritsa laisensi ya digital. KMS, seva ya activation ya mkati mwa kampani, imapereka activation ya masiku 180, makina n'kumakadzionetsa kwa seva ya mkati masiku 7 aliwonse pa port 1688, ndipo sevayo siyamba kugwira mpaka itaona makompyuta 25, kapena maseva 5. Pa Hyper-V, hypervisor ya Microsoft, kuli AVMA kuyambira Server 2012 R2: host ya Datacenter ikakhala activated, ma VM a Windows Server apamwamba pake amatengera kwa iyo, popanda intaneti. Vuto la a Mphatso ndi la ife a laisensi imodzi m'thumba.

Tiyamike:
A Gogo, nanga VirtualBox? Mng'ono wanga amagwiritsa imeneyo kusukulu.

Gogo_Root:
Nkhani yomweyo, mayina ena. Kumeneko VM imadzitcha innotek GmbH, dzina la kampani ya ku Germany imene inayambitsa VirtualBox isanagulidwe ndi Sun mu 2008. Pochita clone pali kabokosi ka Keep Hardware UUIDs. Akaiwala, VBoxManage modifyvm ndi --hardwareuuid imabwezera nambala yakale, bola akhale anaisunga. Msampha waukulu ndi uwu: munthu amakopera fayilo ya vdi yokha, poti ndi imene ili yaikulu, n'kusiya kafayilo ka vbox ka ma kilobyte ochepa. Kenako amapanga VM yatsopano n'kulumikiza disk ija. Disk ndi yomweyo, koma makina ndi ena. TPM ndi Secure Boot za Windows 11 zinabwera pa VirtualBox 7.0 mu 2022, ngati ali pa 6 akweze kaye.

Mphatso:
Magetsi abwera. Ndayatsa. Poyamba watermark inalipobe, mtima unagunda. Ndalowa mu Settings, Activation, ndadina Troubleshoot, yazungulira kamphindi, kenako yalemba kuti Windows is activated with a digital license. Pa slmgr /xpr akuti permanently activated. A Nangozo, Fanta wanu ali pa ine.

Nangozo:
Wa orange, wozizira. Musanatseke, chitani zitatu. Onjezerani mzere uuid.action = "keep" mu vmx kuti isadzakufunseninso tsiku lina muli ndi tulo. Lowani ndi akaunti ya Microsoft mu VM kuti laisensi imangirizike ku akauntiyo, zimenezi zinayamba ndi update ya 1607 mu 2016, ndipo zimakupatsani njira ya "I changed hardware on this device recently" ngati mutadzasamukira pa hypervisor ina kumene UUID yokha singakwanire. Ndipo yendetsani slmgr /dlv muone ngati pa channel palembedwa Retail.

Mphatso:
Palembedwa Retail.

Bambo a Yamikani:
Ndiye laisensi yanu ndi yosamuka nayo, bola ikhale pa makina amodzi nthawi imodzi. Kutanthauza kuti laputopu ija ikakonzedwa, VM yakale ili mmenemo musaiyatsenso. Pano ndi mapasa enieni, UUID imodzi, MAC imodzi. Zikakumana pa router imodzi intaneti izidukaduka pa zonse ziwiri, mudzabweranso kuno kudzatukwana kampani ya intaneti yosalakwa.

Mphatso:
Ndamva bambo. Ndiifufuta ikangoyaka. Funso lomaliza, poti a Tiyamike andiopseza: VM yangayi ili pa BIOS yakale, ndipo nanenso ndiyenera kupita pa 11. Ndikasintha firmware kupita pa UEFI mu VMware ndibwereranso pa 0xC004F211?

Nangozo:
Ine ndasinthapo angapo uuid.bios ili yomweyo, activation sinagwe, ndipo laisensi ya 10 Pro imagwira pa 11 Pro. Dongosolo ndi lomwe ndauza a Tiyamike: koperani foda yonse kaye VM ili yozima, mbr2gpt, zimitsani, firmware pa UEFI, yatsani muone. Kenako TPM. VMware imafuna kuti VM ikhale encrypted isanalole TPM, ndipo pa Workstation 17 mutha kusankha kuti itseke mafayilo okhudza TPM okha, osati disk yonse. Password imeneyo ilembeni papepala, chifukwa mukadzasamutsanso VM idzaifuna pa kompyuta yatsopanoyo. Onaninso purosesa ya desktop yanu, VM imaona purosesa yeniyeni, ndipo 11 pa Intel imayambira pa 8th gen.

Mphatso:
Ndi i5 ya 6th gen.

Chule_wa_Ndirande:
😂😂 Takulandirani ku Ubuntu amwene.

Tiyamike:
Ine mbr2gpt /validate yakana, akuti disk layout validation failed. Ndili ndi ma partition anayi.

Nangozo:
Ndi chimenecho. Imafuna ma primary asapitirire atatu kuti ipeze malo a EFI. Ponyani screenshot ya Disk Management tione kuti wachinayiyo ndi wachani musanafufute kalikonse.